Chitengwa cha a Pulezidenti

Dyna anamva zoti mwamuna wake wakhala Pulezidenti ali pamzere wolipirira m'sitolo ina ku Silver Spring, ku Amereka, kabichi m'khwapa, sopo wochapira m'manja. Ndipo si mwamuna wakeyo amene anamuuza, ayi. Anamuuza ndi Edness, mnzake wa ku Lusaka, amene anatulukira kuseri kwa mashelefu akukuwa ngati waona ngozi.

"Ba Dyna! Imwe, mubisa so? Bamuna banu bali pa wailesi! Akuti ni ba Pulezidenti manje!"

"Pulezidenti wa chiyani?" anafunsa Dyna. "Wa makoswe?"

Musati ndi chipongwe, funsolo linali lachilungamo. Mwamuna wakeyo, Dokotala Ishmael Doravi, udokotala wake sunali wochiza munthu. Anali katswiri wa bayokemisitiri, kutanthauza kuti m'mawa uliwonse ankakwera basi kupita ku labotale ina ya ku Bethesda kukasinja ziwindi za makoswe oyera, kufunafuna timadzi tina totchedwa enzaimu. Anali munthu wofatsa, woiwalaiwala, wovala masokosi osiyana mitundu, amene ankasunga timabotolo take m'firiji ya kunyumba pambali pa mkaka wa mwana. Munthu ameneyu ngakhale msonkhano wa makolo kusukulu ya mwana wawo Lillian ankauthawa. Ndiye lero ati dziko?

Kwawo kwa Ishmael kunali ku Marovela, kachilumba kena kakang'ono moti ntchentche ikatera pamapu dziko lonse linkabisika. Chaka chimenecho, 1984, asilikali a kumeneko anatopa ndi mtsogoleri wawo, namukweza boti n'kumuuza kuti asacheuke. Kenaka zipani zinayamba kukokanakokana. Akatchula uyu, ena akuti anaba mbuzi za amalume awo. Akatchula uyo, ena akuti analanda mkazi wa mnzawo. Mapeto ake wina anakumbukira kuti ku Amereka kuli mwana wa dziko wophunzira mpaka mabuku kumuthawa, amene adani ake ndi makoswe okha. Anamuimbira telefoni Lachisanu masana, iye n'kuvomera. Madzulo ake Dyna atabwera kuchipatala komwe anali nesi, anadya limodzi, Ishmael anatsuka mbale monga ankachitira masiku onse, koma kukamwa tsekeni.

Dyna anasiya kabichi pompo n'kuthamangira kunyumba. Anapeza chitseko cha fulati yake chili pululu, amuna atatu ovala masuti akukulunga mbale zake m'manyuzipepala. Mmodzi, wamtali, wa ndevu zosongoka, anawerama pang'ono n'kudzitchula kuti ndi William, wa ku ofesi ya kazembe wa Marovela, woona za ulemu wa boma.

"Mayi anyamuka Lachinayi," anatero William. "Zovala za ntchito ya unesi sitilongedza, sadzazifunanso."

Ishmael anali m'khitchini, akutulutsa timabotolo take m'firiji mosamala ngati mazira.

"Bambo a Lillian," anatero Dyna, "ndamva kwa Edness."

"Eya, Dyna, ndimati ndikuuzeni zonse zikakhazikika." Anakankhira magalasi ake m'mwamba. "Taonani, musade nkhawa. Ine kumeneko ndikukakhala ngati enzaimu. Enzaimu imangofulumizitsa ntchito, iyo siipsa, siitha, imatuluka monga inalowera."

"Za enzaimu mukauze makoswe anu. Ine munandifunsa?"

Ishmael anamuyang'ana modabwa kwenikweni, osati mwachiphamaso.

"Kukufunsani chiyani? Si ndinu mkazi wanga?"

Mawu amenewa anamupweteka Dyna mpaka m'mafupa. Pajatu nkhani yake sinali yokana kupita. Munthu wa masokosi osiyanayu ankamukonda, ndipo akanamutsata ngakhale ku chilumba chobisika ndi ntchentche. Chomwe ankafuna n'chimodzi basi: afunsidwe. Anthu osamudziwa a kutsidya kwa nyanja anaona kuti n'koyenera kumufunsa Ishmael ngati akulola, koma Ishmael sanaone kuti n'koyenera kufunsa munthu wogona naye bulangete limodzi. Anakhala pampando, akumva manyuzipepala akulira khwapakhwapa pabalaza, kenaka anakumbukira mawu amodzi amene anali atawaiwala kalekale: chitengwa.

Pamene ankakwatirana mu 1977, Ishmael ankakhala m'kachipinda kapansi konunkha chinyezi, ndipo ndi iyeyo amene anasamukira m'fulati ya Dyna ndi sutikesi imodzi ndi mabuku. Nkhoswe ya Dyna anali malume ake, a Stafford, mlongo wa mayi ake, katswiri wa zachuma ku banki ina yaikulu ya ku Foggy Bottom, wokhala ku Bowie m'nyumba ya kapinga kutsogolo ndi kumbuyo. Tsiku la ukwati a Stafford anamukoka Ishmael pambali, botolo m'manja.

"Kwathu mwamuna akalowa m'nyumba ya mkazi ndi mkamwini," anatero. "Mkaziyu ndi ana ake ndi mbumba yanga. Tsiku lomwe mudzafune kumutengera kwanu, mudzabwere kwa ine, mudzakhale pansi, nkhuku yamoyo m'manja, mudzapemphe chitengwa. Mwamva, akamwini?"

Ishmael anaseka, anawomba m'manja, ndipo mawuwo anawakonda moti chaka chonse ankadzitchula yekha kuti "mukamuwini".

Dyna anatenga telefoni n'kuimba ku Bowie. A Stafford atamva anabangula moti Dyna anachotsa telefoniyo kukhutu.

"Ati chiyani? Akutenge ngati katundu, ine ndili moyo? Upulezidentiwo ndi wa kwawo konko! Kuno ndi mkamwini, ndipo mkamwini asakule mwendo! Umuuze abwere Lachitatu."

Mtima wa Dyna unakhala pansi. Iye ankadziwa mmene chitengwa chimayendera. Akuchimuna amapempha, malume amakhosomola, amazengereza, kenaka amatembenukira kwa mwana wawo n'kunena kuti, "Nanga mwini wake akuti bwanji?" Apo ndi pomwe Dyna ankadikira. Anakonza zoti adzakhale chete pang'ono, Pulezidenti atuluke thukuta, kenaka adzavomere.

William atamva za mwambowo ndevu zinaima. Anati mtsogoleri wa dziko sangakhale pansi pamaso pa wantchito wa ku banki, makamaka banki imene dzikolo lidzapite kukapemphako thandizo posachedwa. Koma Ishmael anangofunsa kuti, "Nkhuku imodzi basi?" Iye anaiona ngati ntchito ya ku labotale: uthire ichi, uthire icho, udikire zotsatira.

Vuto linali nkhukuyo. Inu, mu Washington monse muja nkhuku yamoyo mungaipeze kuti? Nkhuku za kumeneko zimabadwa zopanda mutu, zososoledwa kale, zitagona chagada m'mapulasitiki. William anazungulira masitolo mpaka nsapato kumuotcha, ndipo kwina anamuopseza kuti amuitanira apolisi. Pomaliza Ishmael anapita yekha ku labotale kwake n'kubwerako ndi thadzi loyera limene ankalisungira mazira ofufuzira, lili ndi kamphete kachitsulo kumwendo.

Lachitatu masana Dyna ndi Lillian anatsogola ku Bowie pa galimoto ya Edness. Atangolowa, Dyna anaona kuti china chake sichili bwino. Nyumba inali yodzaza ndi Amalawi ndi a ku Zambia amene sanawaitane. A Stafford anali atavala suti ya zidutswa zitatu, duwa pachifuwa, ndipo mnzawo wina wa ku banki anali atakonzeka ndi kamera.

Galimoto yakuda itaima panja, kambendera kosokedwa mothamanga kakupepeluka kutsogolo, a Stafford sanadikire m'nyumba monga achitira mwini mbumba. Anathamanga! Munthu wamkulu, wa mimba yake, kudumpha kapinga, kukatsekula yekha chitseko cha galimoto.

"Bwana Pulezidenti! Takulandirani, bwana! Samalani mutu, bwana!"

Ishmael analowa, William pambuyo atanyamula thadzi motalikitsa ndi suti yake. Kunena zoona, Ishmael anayesa. Anapinda mawondo kuti akhale pakapeti monga anauzidwira, koma a Stafford anamugwira m'khwapa n'kumudzutsa.

"Ayi, ayi, ayi! Mukufuna kunditembereretsa? Khalani apa." Anamukhazika pampando wawo waukulu uja woonera wailesi yakanema, eni ake n'kukhala pa kampando kopondapo mapazi, mawondo kufika m'makutu.

William anakhosomola n'kuyamba mawu amene analoweza. "Ife a kuchimuna tabwera kudzapempha kuti—"

"Tengani!" anatero a Stafford. "Tengani, tengani! Ndi Lillian yemwe. Kodi munthu wokwatiwa ndi dziko tingamukanize ndife yani?" Analandira nkhuku ndi manja awiri, anaona kamphete kaja n'kukaonetsa anthu. "Mwaiona? Nkhuku yophunzira iyi! Ili ndi digiri kumwendo!"

Anthu anaseka, kamera inang'anima, thadzi linachita chimbudzi pakapeti koma palibe anadandaula. A Stafford anasendeza kampando kawo pafupi n'kutsitsa mawu, koma osati mokwanira.

"Kodi bwana, banki yaikulu ya kwanuko ili ndi woiyendetsa kale? Ndikungofunsa."

Dyna anali pakona, manja pamiyendo, akudikira. Anadikira malume akhosomole. Anadikira atembenuke. Koma amayi anali atayamba kale nthungululu, ndipo wina anali akutsekula mabotolo. Ndiye anaimirira.

"Malume, simunafunse mwini wake."

A Stafford anaseka mwamanyazi.

"Aa, iwe Dyna, usatichititse manyazi pamaso pa alendo. Mwayi wotere amachita kufunsa?"

Dyna anayang'ana mwamuna wake, maso ndi maso, ndipo mumtima ankamupempha kuti, nenani, bambo a Lillian, ndi mawu awiri okha. Ishmael anamwetulira momasuka ngati munthu amene zofufuza zake zatuluka bwino, n'kuyang'ana wotchi.

"Ndiye zatheka, eti? Tiyeni, Dyna, ndege ndi mawa m'mawa."

Dyna anagwira dzanja la Lillian. "Edness, tiye ukatitule," anatero, ndipo anatuluka osatseka chitseko.

Ishmael sanakhulupirire. Madzulo amenewo anamufotokozera Dyna mofatsa kuti mwambo watsatidwa wonse, palibe chomwe chatsala. M'mawa anamufotokozeranso, matikiti m'manja. Dyna anamusitira malaya, anamusankhira masokosi ofanana, n'kubwerera pabalaza kukamasula mbale zake m'manyuzipepala. Ishmael anapita yekha, akuganiza kuti mkazi wake amutsatira sabata yamawa mkwiyo ukaphwa.

A Stafford anaimba telefoni tsiku lomwelo, mpweya uli m'mwambam'mwamba.

"Iwe mwana, wapenga? Nkhuku ija ine ndinadya kale! Chitengwa chinatheka!"

"Ndiye pitani inuyo amene munadya," anatero Dyna, n'kuika telefoni pansi.

Musaganize kuti zinali zophweka. Kutchalitchi amayi ankanong'onezana kuti sukulu yamuwononga, mkazi wanji wokana nyumba yachifumu n'kumakataya mikodzo ya odwala. Ena anayamba kumutcha "Mayi wa Dziko" momuseka. Dyna ankawayankha ndi pakamwa pake pakuthwa paja, koma akakwera sitima ya Metro pobwerera kwawo ankatsamira pawindo n'kulira mwakachetechete. Ankamusowa munthu wake. M'firiji munali malo ambiri tsopano, ndipo malowo ankadana nawo.

Ishmael ankaimba Lamulungu lililonse, telefoni ikusokosa ngati mvula padenga la malata. Ankamuuza za mipope ya madzi abwino imene akuika m'midzi, ndipo kunena chilungamo ana a ku Marovela anasiyadi kutsekula m'mimba. Ankamuuza za nkhope yake imene aika pa sitampa, mutu waukulu kuposa chilumba. Kenaka ankamaliza chimodzimodzi: "Chipinda chanu chakonzedwa. Mubwera Disembala." Disembala ikadutsa: "Mubwera pa Pasaka." Nthawi zonse kumuuza, ngati akulengeza tsiku la tchuthi pa wailesi. Dyna ankagwira telefoni ndi manja awiri, akumvetsera ngati mawuwo angapindike pang'ono kumapeto n'kukhala funso. Sankapindika.

Ndipo dziko nalonso analiyendetsa momwemo. Munthu wozolowera makoswe sadziwa kuti anthu amafunsidwa. Tsiku lina anayeza magazi a nduna zake, anapeza kuti ali ndi mafuta ochuluka, n'kulamula kuti m'dziko lonse asakazingirenso nsomba m'mafuta a kokonati. Pa chilumba cha kokonati! Amayi a m'misika anayenda mumsewu akuimba ziwaya, asilikali anakumbukira kuti boti lija likadalipo, ndipo mu 1986 enzaimu ija inakwezedwa n'kuuzidwa kuti isacheuke.

A Stafford, amene ubwana wa banki ya ku Marovela sunawafike, ndi amene anayamba kuimba.

"Wamva? Ndinkanena ine! Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Unachita bwino kundimvera, mwana wanga."

Dyna analibe mphamvu zokangana nawo. Masiku amenewo sankadya, ankangokhala pafupi ndi wailesi, osadziwa ngati munthuyo ali moyo.

Loweruka lina m'mawa, Lillian atapita kwa Edness, Dyna akupukuta tebulo, anamva kugogoda pachitseko. Kenaka mawu amene ankawadziwa, akutchula Chichewa mopotoka monga kale.

"Odi."

Anatsekula. Ishmael anali ataima pakhonde, sutikesi imodzi m'manja monga anabwerera poyamba paja. Anali atawonda, tsitsi litachita imvi, jekete likulendewera m'mapewa. Enzaimu yosatha ija inali itatha ndithu. Dyna anayang'ana pansi kuti asalire, n'kuona sokosi imodzi yakuda, ina yabuluu. Anaima pakati pa chitseko, dzanja pafelemu.

"Dyna," anayamba Ishmael, "ndalankhula ndi a ku labotale, anditenganso. Ndiyamba Lolemba. Mabuku anga afika mwezi wamawa, tiwaika paja pa kale, ndipo ndigona—"

Analekeza. Anayang'ana nkhope ya mkazi wake, anayang'ana dzanja lija lotchinga khomo. Anali ngati munthu amene akuwerenga zotsatira zimene wakhala akuziwerenga mozondoka. Kenaka anaika sutikesi pansi.

"Dyna, ndingalowe?"

Misozi imene Dyna ankaibweza inangotsika yokha, pamodzi ndi mkwiyo wa zaka ziwiri.

"Ha! Kodi mumatha kufunsa, bambo a Lillian? Ndimayesa ku sukulu kwanu kuja sanakuphunzitseni! Nkhuku munaipeza, galimoto ya mbendera munaipeza, dziko lathunthu munalipeza, koma kamawu kameneka kanakukanikani?"

"Ndikanafunsa tsiku lija," anatero Ishmael motsitsa, "mukanati chiyani?"

"Ndikanalongedza ndekha mbale zija."

"Mukanapita nane?"

"Ndi mtima wonse. Ndinali nditavomera kale, ndimangodikira funso."

Ishmael anakhala pa sutikesi yake, pakhonde pomwepo, n'kuphimba nkhope ndi manja. Asilikali atamukweza boti sanalire, koma apa mapewa ankagwedezeka. Mayi wina wachizungu wa fulati yoyandikana anasuzumira n'kutsekanso chitseko msanga.

Dyna anamusiya alire pang'ono, chifukwa nayenso analira zokwanira mu Metro. Kenaka anapukuta m'maso ndi nsalu yopukutira tebulo ija, n'kuchotsa dzanja pafelemu.

"Dzukani apo, akamwini, anthu akuona. Lowani. Mbale za m'mawa zikadali m'sinki."